Miyendo Isanu

Buku la sayansi n'limodzi pa ana khumi,
ndipo tsamba la tizilombo linanyowa chaka chatha
denga litadontha.
Chiwala cha pachithunzi chinasanduka banga la tiyi.

Ndiye Lachitatu, mvula yowaza itangokata,
nkhungu ikadali yokakamira mitengo ya ku Kaning'ina,
ndinabweza choko m'katoni
n'kunena kuti, tulukani.

Anatuluka ngati ngumbi pachulu,
majuzi otanuka, akakolo otuwa ndi chisanu cha Mchengautuwa,
mpaka kuseri kwa zimbudzi
kumene udzu sunaone chikwakwa chiyambire Pasaka.

"Osapha. Osadya," ndinatero,
maso anga ali pa Fumbani
yemwe anali atameza kale malovu.

Dzulo lake ndinali nditawalowezetsa:
mutu, chifuwa, mimba,
miyendo isanu ndi umodzi!
Anakuwa mpaka a Sitandade 4 anadandaula.
Lero kunali zii.
Mawondo m'matope, mphuno pafupi ndi nthaka,
wina akutsata mzere wa nyerere
zosenza phiko la gulugufe ngati lata lakuba,
wina wauma, chiswamphika chikumuyang'ana m'maso.

Kenaka Temwachi,
uja amakhala kumbuyo pafupi ndi tsache,
amene mawu ake sindinawamvepo teremu yonse,
anandikoka chitenje.
"Wonani, madamu."
Manja atawafumbata ngati wanyamula khala lamoto.
"Ichi chili ndi isanu."

Lilime langa linali litanyamuka kale:
werenganso bwino, buku likuti...
Koma ndinagwada.
Ndinawerenga ndi kaudzu, pang'onopang'ono.
Ndinabwerezanso.
Isanu.

Zaka khumi ndi chimodzi ndikuchonga mayankho ndi bolopeni yofiira,
lero chiwala chandichonga ine.

"Pezani china," ndinatero. "Ndi chinanso."
Sangwani anatola kamtengo, nakhala mlembi wathu,
akukhwatcha timizere pansi:
isanu ndi umodzi,
isanu ndi umodzi,
nyerere nayonso, ngakhale siima kuti uiwerenge.
Wina anabwera ndi kangaude pa tsamba la gwafa.
Isanu ndi itatu!
Mkangano unabuka.
"Ameneyu ndiye waba mwendo uja," anatero Fumbani,
ndipo theka la kalasi linali lokonzeka kumuweruza.
Ndinawasiya akangane
mpaka Uchizi anati, mwina si mtundu umodzi.
Sindinaonjezepo kanthu. Ndinangomva kutentha m'chifuwa.

Temwachi sanali nawo pa mlanduwo.
Anali atachitembenuza chiwala chake chagada.
"Apa pali kachitsa.
Unalipo. Unaduka.
Ngati amalume anga a kabaza
amene galimoto inawagunda pa Katoto.
Koma kumsika wa Zigwagwa amapitabe."

Ahedi anasuzumira pawindo la ofesi:
"Mayi Nyirongo, kodi lero kulibe phunziro?"
Ndinayang'ana siketi yanga ya matope
ndi timizere ta Sangwani.
"Lili m'kati, bwana."

Belu la chitsulo cha gudumu litalira
Temwachi anafunsanso, tsopano mokweza:
"Kodi umeranso?"
Maso onse kwa ine.
Ndinafufuza m'mutu, m'manotsi a ku koleji,
ndinapezamo fumbi lokha.
"Sindikudziwa."
Mawu amenewo sindinawanenepo pamaso pa ana.
Denga silinagwe.

Tsopano chiwala chili pawindo,
m'botolo la chiponde loboola pachivindikiro,
udzu watsopano m'mawa uliwonse.
Tagwirizana kuti Lachisanu tichimasula,
mwendo umere, usamere.
Fumbani walumbira pamaso pa onse kuti sachitsatira.

Pakona ya bolodi pali funso
lolembedwa ndi dzanja lopendama la Temwachi.
Wofufuta bolodi amalilambalala.
Ine ndimafika msanga masiku ano,
ana asanabwere,
n'kuwerama pa botolo lija
kuwerenga ndekha.